Mafunso ndi mayankho: Desmond Doss, mafilimu a nkhondo, ndi asilikali achipatala okana kunyamula mfuti

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amafunsa mobwerezabwereza akaonera filimu ya Hacksaw Ridge, imene inatuluka mu 2016 ndipo imanena za moyo wa Desmond Doss, kapena akamva dzina lake likutchulidwa pa ulaliki. Mafunso oyamba akukhudza munthuyo ndi chikhulupiriro chake, apakati akuyerekeza filimu ndi zimene zinachitikadi, ndipo omalizira akunena za anthu ena amene anachita ngati iye komanso za mafilimu ena a nkhondo.

Kodi Desmond Doss anali munthu weniweni?

Inde. Anabadwa pa 7 Febuluwale 1919 mumzinda wa Lynchburg m'chigawo cha Virginia ku America, ndipo anamwalira pa 23 Malichi 2006 ku Piedmont m'chigawo cha Alabama. Bambo ake anali kalipentala, mayi ake ankagwira ntchito pa fakitale yosoka nsapato, ndipo iye anakulira mumpingo wa Seventh-day Adventist. Analowa usilikali pa 1 Epulo 1942, n'kuikidwa m'gulu lalikulu la asilikali oyenda pansi lotchedwa 77th Infantry Division, kumene anali wothandiza ovulala. Pa 12 Okutobala 1945, Pulezidenti Harry Truman anamuveka mendulo ya Medal of Honor, imene ndi ulemu waukulu koposa umene msilikali wa ku America angalandire. Iye anali woyamba kuilandira mwa anthu okana kunyamula chida chifukwa cha chikumbumtima, ndipo pa nkhondo yonse yachiwiri ya padziko lonse panalibenso wina wotero amene anailandira.

Kodi munthu wokana nkhondo chifukwa cha chikumbumtima ndi wotani, ndipo Doss analidi wotero?

Mawuwa amanena za munthu amene boma lamuitana kuti akalowe usilikali, koma iye akuti chipembedzo chake kapena chikumbumtima chake sichimulola kupha. Lamulo la ku America la mu 1940 loitanira anyamata ku usilikali linagawa anthu otere pawiri. Ena ankavomera kuvala yunifolomu ndi kumvera akuluakulu a asilikali, malinga asapatsidwe chida, ndipo amenewa ankalembedwa ndi chizindikiro cha 1-A-O n'kutumizidwa makamaka ku ntchito zachipatala. Ena ankakana usilikali wamtundu uliwonse, choncho ankapatsidwa ntchito zina zothandiza dziko, monga kuzimitsa moto m'nkhalango ndi kusamalira odwala m'zipatala za amisala.

Doss anali m'gulu loyambalo, ndipo dzina lakuti wokana nkhondo silinkamusangalatsa. Iye ankakhulupirira kuti dziko lake linali ndi chifukwa chomveka chomenyera nkhondoyo, ankachitira sawatcha mbendera, ndipo ankakonda kudzitchula kuti ndi wogwirizana ndi boma motsogozedwa ndi chikumbumtima. Pa nthawiyo n'kuti akugwira ntchito pamalo opangira sitima zapamadzi ku Newport News, ntchito imene ikanamulola kupempha kuti asapite ku nkhondo, koma sanapemphe. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuigwira, chifukwa ambiri amamutenga Doss ngati munthu amene ankadana ndi nkhondo yonse, pamene chimene iye anakana chinali chakuti dzanja lake lenilenilo lichotse moyo wa munthu.

N'chifukwa chiyani anakana kugwira mfuti ngakhale pa maphunziro chabe?

Iye mwini ankatchula zinthu ziwiri za ubwana wake. Choyamba chinali chithunzi cha Malamulo Khumi chimene chinapachikidwa pakhoma m'nyumba mwawo. Pa lamulo lakuti usaphe panajambulidwa Kaini ataimirira pambali pa mtembo wa Abele, ndipo mwanayo ankachiyang'anitsitsa n'kumadzifunsa kuti munthu angachite bwanji zotere kwa mbale wake. Chachiwiri chinali tsiku limene bambo ake, ataledzera, anakangana ndi mlamu wawo n'kutulutsa mfuti. Mayi ake analowa pakati, analanda mfutiyo n'kumupatsa Desmond kuti akaibise, ndipo pobwerera anapeza apolisi akutenga bambo akewo. Kuyambira tsiku limenelo analumbira kuti sadzagwiranso mfuti.

Filimu inasunga nkhaniyi koma inaisintha, chifukwa imaonetsa bambo akuopseza mayi, ndiye mnyamatayo n'kulanda mfuti n'kuiloza kwa bambo ake. Kusinthako kumachititsa woonera kuganiza kuti lumbiro lake linachokera pa mantha akuti iye mwini anatsala pang'ono kupha, pamene m'nkhani yeniyeni iye anali mwana wotumidwa kukabisa chida.

Tisaiwalenso kuti sanali kuyambitsa chinthu chachilendo mumpingo wake. A Seventh-day Adventist anauza boma la America kalekale mu 1864, pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya dzikolo, kuti iwo ndi anthu osamenya nawo nkhondo, ndipo kuyambira mu 1934 sukulu yawo ya Union College ku Nebraska inayamba kuphunzitsa anyamata ntchito yothandiza ovulala, n'cholinga chakuti akadzaitanidwa adzakhale ndi ntchito imene angagwire popanda kuphwanya chikhulupiriro chawo.

Kodi ntchito ya msilikali wachipatala inali yotani? Kodi onse sankanyamula mfuti?

Msilikali wachipatala wa pa gulu sanali dokotala, ndipo sankakhala kuchipatala. Ankayenda limodzi ndi omenya nkhondo, kugona nawo m'maenje, ndipo wina akavulala ankaitanidwa zipolopolo zili mkati. M'zikwama zake munkakhala mabandeji, ufa wa mankhwala otchedwa sulfa wowaza pabala, timachubu ta morphine tokhala ndi singano yake tochepetsera ululu, lamba womangira mwendo kapena mkono kuti magazi asiye kutuluka, ndipo nthawi zina madzi a m'magazi othira m'mitsempha. Cholinga chake sichinali kuchiritsa koma kusunga moyo wa munthuyo kufikira onyamula machira atamufikitsa pamalo othandizirapo ovulala amene ankakhala kumbuyo pang'ono.

Pangano la mayiko la ku Geneva, limene linayamba mu 1864, limateteza anthu otere ndipo limaletsa kuwawombera, koma limawalola kunyamula chida chaching'ono chodzitetezera iwo eni ndi odwala awo. Ku Ulaya asilikali achipatala a ku America nthawi zambiri ankayenda opanda chida, atavala chizindikiro cha mtanda wofiira. Ku nkhondo ya pa zilumba za m'nyanja ya Pacific zinthu zinali zosiyana, pakuti anaona kuti mtanda wofiirawo ukukopa zipolopolo za asilikali a Japan m'malo moziletsa, motero ambiri anauvula ndipo anayamba kunyamula mfuti. Apa ndi pamene Doss anasiyanira ndi anzake a ntchito yomweyo, chifukwa iye anakhalabe chimanjamanja kumalo kumene ngakhale achipatala ankayenda ndi zida.

Kodi anzake anamuzunzadi, ndipo anaimbidwadi mlandu ku khoti la asilikali?

Kusalidwa kunalipo ndithu. Ku Fort Jackson m'chigawo cha South Carolina, kumene anayambira maphunziro, anzake ankamunyoza, ankamugenda ndi nsapato akagwada pambali pa bedi kuti apemphere, ndipo wina anamuopseza kuti akadzafika ku nkhondo adzamuwombera yekha. Chimene chinkawapweteka kwambiri sichinali mfuti yokha ayi, koma Sabata, popeza ankaona ngati akuzemba ntchito Loweruka lililonse, ngakhale kuti iye ankabweza pogwira ntchito Lamulungu. Akuluakulu ena anayesa kumuchotsa usilikali ponena kuti mutu wake sukuyenda bwino, koma iye anakana kuvomera kuti chipembedzo chake chilembedwe ngati misala, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. Jack Glover, mkulu wa gulu lake amene amaoneka m'filimu, anali munthu weniweni, ndipo anavomera yekha atakalamba kuti anayesetsa kuti Doss asamutsidwe, koma pambuyo pake ndi Doss yemweyo amene anamuthandiza atavulala.

Koma mlandu wa ku khoti la asilikali sunachitike. Mkulu wina anamuopseza nawo atakana kugwira mfuti, n'kumumana tchuthi chakuti akatsanzikane ndi mng'ono wake amene anali msilikali wapamadzi, koma sanatsekeredwe m'chitokosi kudikira mlandu monga momwe filimu imaonetsera. Bambo ake sanalowe m'khoti atavala yunifolomu yakale ndi kalata ya mkulu wa asilikali m'manja. Chimene anachita ndi kudandaula kwa Carlyle B. Haynes, amene ankatsogolera komiti ya mpingo yoona za mamembala ake a ku usilikali, ndipo iyeyo atalankhula ndi akuluakulu a gululo tchuthicho chinaperekedwa. Kunena zoona, chimene chinateteza Doss ndi lamulo la mu 1940 limene tatchula pa funso lachiwiri, komanso mpingo umene unkadziwa khomo loyenera kugogoda, zinthu zimene n'zovuta kuzisandutsa sewero logwira mtima.

Msilikali wotchedwa Smitty, amene m'filimu amayamba ngati mdani n'kudzakhala bwenzi, ndi wongopeka, woumbidwa kuchokera kwa anthu angapo.

Nanga nkhani ya chikondi chake ndi Dorothy?

Dorothy Schutte anali mkazi wake weniweni, koma anakumana kutchalitchi osati kuchipatala, ndipo unamwino anadzauphunzira nkhondo itatha, pamene mwamuna wake ankadwala ndipo banja linkafuna pogwira. Anakwatirana pa 17 Ogasiti 1942 ku Richmond, ndipo Doss sanajombe pa ukwati wake chifukwa chotsekeredwa monga momwe filimu imaonetsera.

Kodi Hacksaw Ridge ndi malo enieni, ndipo phompho lake ndi lalitali monga m'filimu?

Malowa alipo pa chilumba cha Okinawa, m'dera la mzinda wa Urasoe, ndipo dzina lake lenileni ndi Maeda. Dzina lakuti Hacksaw anapereka ndi asilikali a ku America. Mtunda wonsewo ndi wokwera pafupifupi mamita 120, koma mbali yoima chilili imene ankakwera ndi maukonde a zingwe inali ya pamwamba yokha, ya mamita 10 kapena kupitirira pang'ono. Filimu, imene inajambulidwa ku New South Wales m'dziko la Australia, inatalikitsa khoma limeneli kwambiri. Inasiyanso mfundo ina yokoma, yakuti Doss anali mmodzi mwa amuna atatu amene anadzipereka kukwera koyamba kukamangirira maukondewo.

Chimene chinachititsa malowa kukhala oopsa si kutalika kwake koma zimene zinali mkati mwake. Asilikali a Japan anakumba mapanga ndi ngalande zolumikizana pansi pa thanthwe, ndipo ankadikira kuseri kwa mtunda, kumene mizinga ya m'sitima sinkafika bwino. Ankalola adani awo kukwera mpaka pamwamba, kenako n'kuwathira moto kuchokera mbali zonse. Gulu lina la asilikali a ku America, la 96th Infantry Division, linali litatayapo kale anthu ambiri pamalopo gulu la Doss lisanalowe m'malo mwake kumapeto kwa Epulo 1945.

Kodi anapulumutsadi anthu 75?

Chiwerengero cha 75 ndi chimene chinalembedwa pa chikalata cha mendulo yake, koma palibe amene anaima pansi pa phompho n'kumawerenga. Akuluakulu ake, poona kuti mwa amuna pafupifupi 155 amene anakwera ndi 55 okha amene anatsika okha, anati anapulumutsa 100. Doss anati sizikanatheka kupitirira 50. Anakumana pakati, n'kulemba 75. Choncho amene amati nambalayi ndi yokokomeza ayenera kudziwa kuti amene anaitsitsa ndi mwiniwake.

Mmene anachitira zikudziwika bwino. Anzake atathawira pansi, iye anatsala pamwamba, n'kumakwawa kupita kwa wovulala aliyense, kumumanga mabala, ndi kumukokera m'mphepete mwa phompho. Woyamba anamutsitsa pa machira, koma anaona kuti njirayo ikuchedwetsa ndipo munthu angathe kutsetsereka n'kugwa. Pamenepo anakumbukira mfundo ina ya chingwe imene anaitulukira mwangozi pa maphunziro okwera mapiri ku West Virginia, mfundo yosapulumuka imene ikamangidwa pa chingwe chopinda pawiri imatulutsa magonga awiri. Ankalowetsa mwendo umodzi m'gonga lililonse, kuzunguliza chingwe pachifuwa cha munthuyo, kukulunga mbali inayo pa chitsa cha mtengo kuti chimuthandize kulemera, n'kumamasula pang'onopang'ono mpaka wovulalayo atafika m'manja mwa amene anali pansi. Akatero ankabwereranso. Pemphero lake lopempha Mulungu kuti amuthandize kupeza mmodzi winanso si la olemba filimu, iye mwini ankalinena pofotokoza za tsikulo.

Ndi zinthu ziti zimene filimu inasiya?

Ili ndi funso limene anthu safunsa kawirikawiri monga la zopeka, koma yankho lake ndi lodabwitsa kuposa. Filimu inathira nsinjiro pa zaka za maphunziro, pamene moyo wa Doss unali wa kupirira kwa tsiku ndi tsiku, koma pa za ku nkhondo inachita kuchepetsa.

Poyamba, Okinawa sinali nkhondo yake yoyamba. Anali atatumikira kale ku Guam mu 1944 ndiponso ku Leyte m'dziko la Philippines, ndipo anali atalandira kale mendulo ya Bronze Star chifukwa cha kulimba mtima. Pofika ku Maeda anzake anali atasiya kalekale kumukayikira. Filimu imaonetsa ngati anasintha maganizo usiku umodzi, pamene ulemuwo anaupeza pang'onopang'ono, kuyambira pa kusamalira matuza a m'mapazi mwawo pa maulendo ataliatali a pa maphunziro.

Kachiwiri, chikalata cha mendulo chimanena za ntchito za milungu itatu, kuyambira pa 29 Epulo mpaka pa 21 Meyi 1945. Pa 2 Meyi anapita mamita pafupifupi 180 kutsogolo kwa anzake kukatenga wovulala. Patapita masiku awiri anathandiza amuna anayi amene anagwa pafupi ndi khomo la phanga la adani, pa mtunda wa mamita 7 okha, ndipo anayenda maulendo anayi kuwatulutsa mmodzimmodzi mabomba oponya ndi manja akugwa.

Kachitatu, sanavulalire pa phompho paja. Anavulala usiku wa pa 21 Meyi pafupi ndi Shuri, pamene bomba loponya ndi manja linamuphulikira m'miyendo. Sanaitane mnzake wachipatala kuti angamuike pa ngozi, koma anadzimanga yekha n'kudikira maola asanu. Onyamula machira atamutenga, anakumana ndi akasinja a adani, ndipo iye ataona msilikali wina wovulala kwambiri kuposa iye anadzigwetsa pa machirapo n'kuwauza kuti ayambe atenga ameneyo. Akudikira kuti abwerenso, chipolopolo chinamuthyola fupa la mkono. Anamangirira thabwa la kumbuyo kwa mfuti pa mkonowo kuti fupa lisagwedere, n'kukwawa mamita pafupifupi 270 kukafika pamalo othandizirapo ovulala. Mel Gibson, amene anatsogolera kujambula filimuyi, ananena kuti mbali imeneyi anaisiya chifukwa oonera sakanaikhulupirira.

Pali chinanso chimene chinasiyidwa, ndipo ichi sichikhudza Doss. Nkhondo ya ku Okinawa, imene inayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 22 Juni 1945, inapha asilikali a ku America oposa 12,000 ndi a Japan pafupifupi 100,000, koma inaphanso eni chilumbacho ochuluka zedi, moti akuti pa anthu anayi alionse mmodzi anafa. Ambiri anafera m'mapanga momwe anabisala. M'filimu yonse simuoneka mayi kapena mwana wa ku Okinawa, ndipo asilikali a Japan amangooneka ngati khamu lopanda nkhope. Kwa ine kusiya kumeneku ndi kwakukulu kuposa khoti lopeka lija.

Ngati ankasunga Sabata, anagwira bwanji ntchito Loweruka ku nkhondo?

Pa maphunziro ankakana ntchito wamba za Loweruka, koma sankaona kuthandiza wovulala ngati kuswa Sabata, potsatira chiphunzitso cha Yesu chakuti n'kololedwa kuchita zabwino pa tsikulo. Tsiku la 5 Meyi 1945 linali Loweruka, ndipo gulu lake linalamulidwa kukweranso mtundawo pamene iye anali wachipatala yekhayo amene anatsala. Glover atamupempha, anavomera, koma anapempha kuti ayambe wamaliza kuwerenga Baibulo ndi kupemphera, ndipo anamudikira. Pa mfundo imeneyi filimu sinanamepo.

Kodi ku America kunali ena ngati iye?

Analipo ambiri. Pa nkhondo yachiwiri, amuna pafupifupi 25,000 anatumikira usilikali opanda zida, ena pafupifupi 12,000 anagwira ntchito zina zija za boma, ambiri mwa iwo a mipingo ya Mennonite, Brethren ndi Quaker, ndipo pafupifupi 6,000 anapita kundende, ochuluka mwa iwo a Mboni za Yehova. Mmodzi wotchuka anali Lew Ayres, katswiri wa mafilimu amene anasewera msilikali wa ku Germany m'filimu ya mu 1930 ya All Quiet on the Western Front. Atalengeza kuti sadzanyamula chida, malo ena oonetsera mafilimu anasiya kuonetsa mafilimu ake, koma iye anakatumikira ngati wachipatala ku Pacific, kuphatikizapo ku Leyte komwe kunalinso Doss.

Pambuyo pa Doss, amuna ena awiri okana zida analandira Medal of Honor, onse achipatala ndipo onse atamwalira kale: Thomas W. Bennett ndi Joseph G. LaPointe Jr., amene anaphedwa ku Vietnam mu 1969 akuthandiza anzawo. Alvin York wa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, amene anthu ena amamuika m'gulu lomweli, nkhani yake ndi ina, chifukwa pempho lake lokana nkhondo linakanidwa ndipo iye anadzasintha maganizo n'kumenya nawo.

Nanga m'mayiko ena zinali bwanji?

Ku Britain, lamulo lokakamiza usilikali la mu 1916 linalola munthu kukaonekera pamaso pa bwalo n'kufotokoza chifukwa chake, ndipo amuna pafupifupi 16,000 anatero pa nkhondo yoyamba, pamene pa yachiwiri anafika cha m'ma 60,000. A mpingo wa Quaker anakhazikitsa gulu la maambulansi lotchedwa Friends' Ambulance Unit mu 1914, n'kulidzutsanso mu 1939. William Coltman, wonyamula machira amene chikhulupiriro chake sichinkamulola kupha, analandira mendulo ya Victoria Cross, ulemu waukulu koposa wa asilikali a ku Britain, chifukwa cha ntchito yake ya mu 1918, osawomberapo munthu.

Ku Germany wa Hitler kunalibe khomo lotere. Franz Jägerstätter, mlimi wachikatolika wa ku Austria, anakana kumenyera nkhondo boma la Nazi, ndipo ngakhale ananena kuti angavomere ntchito yachipatala, anamudula mutu pa 9 Ogasiti 1943. Poyerekeza ndi ameneyu m'pamene timaona kuti nkhani ya Doss inatheka chifukwa cha zinthu ziwiri, kulimba mtima kwake ndi lamulo limene linamusiyira mpata.

N'chifukwa chiyani opanga mafilimu amasintha mbiri?

Chifukwa chachikulu ndi nthawi. Zaka zitatu za usilikali wa Doss zinayenera kukwana m'maola awiri ndi mphindi zochepa, choncho zilumba zitatu zinasanduka chimodzi, milungu itatu inasanduka masiku awiri, ndipo anthu ambirimbiri anasanduka Smitty mmodzi. Chifukwa china n'chakuti sewero limafuna mdani wooneka ndi maso ndi tsiku limodzi lodula mlandu, pamene m'moyo weniweni mavuto ambiri amatha ndi makalata ndi matelefoni. Palinso nkhani ya malonda, popeza filimu yodya ndalama zambiri imapangidwa moganizira anthu amene adzagule matikiti, ndipo anthuwo amakonda kuona ngwazi za dziko lawo.

Doss mwiniwake ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake kwa zaka zambiri ankakana anthu ofuna kupanga filimu ya moyo wake, poopa kuti adzapotoza chikhulupiriro chake. Anavomera filimu yofotokoza zenizeni ya The Conscientious Objector, imene Terry Benedict anatulutsa mu 2004, momwe amalankhula iye mwini ndi asilikali anzake. Amene akufuna kuyesa filimu ya mu 2016 ayambire pamenepo.

Ndiye ndi kusintha kotani kumene tiyenera kudandaula nako?

Si kusintha konse kumene kuli kofanana. Kufupikitsa nthawi kapena kuphatikiza anthu sikupweteka aliyense. Filimu ya Saving Private Ryan ya mu 1998 ili ndi nkhani yopeka, yongotengera pang'ono za abale a banja la Niland, koma asilikali akale ambiri amene anatsika pa gombe la Omaha ku France pa 6 Juni 1944 anati chiyambi chake chinaonetsa zimene iwo anaona.

Kusintha koipa ndi kumene kumalanda anthu enieni ntchito yawo kapena mbiri yawo yabwino. Filimu ya U-571 ya mu 2000 imaonetsa asilikali apamadzi a ku America akulanda makina a Enigma obisira mauthenga m'sitima yapansi pa madzi ya Germany, chikhalirecho amene anachita zimenezi anali a ku Britain, pa sitima ya U-110 mu Meyi 1941, America isanalowe n'komwe m'nkhondo, ndipo nkhaniyi inafika mpaka m'nyumba ya malamulo ku London. Filimu ya Zulu ya mu 1964, yonena za nkhondo ya ku Rorke's Drift ku South Africa mu 1879, inaonetsa Henry Hook ngati chidakwa chonamizira matenda, pamene munthuyo sankamwa mowa ndipo analandira Victoria Cross chifukwa chotulutsa odwala m'chipatala chimene chinkayaka. Tikayesa ndi muyeso umenewu, Hacksaw Ridge sinamulakwire Doss, ngakhale kuti funso lina limatsalabe, lakuti kodi filimu yonena za munthu wokana kupha inayenera kukometsera kuphana ndi moto ndi magazi mpaka kufika pamene inafikapo.

Kodi nkhaniyi ikukhudza bwanji Amalawi?

Imakhudza m'njira ziwiri. Mpingo wa Doss uli ndi mizu yakuya kuno kuyambira pamene mishoni ya Malamulo ku Thyolo inakhala m'manja mwa a Seventh-day Adventist mu 1902, motero nkhani yake imamveka m'maulaliki ndi m'misonkhano ya achinyamata, ndipo nthawi zambiri zimene zimafotokozedwa ndi za m'filimu osati za m'mbiri.

Njira yachiwiri ndi ya zimene mafilimu amasiya. Pamene Doss anali ku Guam ndi ku Leyte mu 1944, asilikali a ku Nyasaland a m'gulu la King's African Rifles anali ku Burma, kumenyana ndi mdani yemweyo m'chigwa cha Kabaw mvula ili pakati. Pa nkhondo yoyamba, amuna zikwi zambirimbiri a dziko lino anatengedwa, ambiri mokakamizidwa, kukagwira ntchito ya tengatenga, kusenza katundu ndi kunyamula ovulala opanda chida chilichonse, ndipo panalibe bwalo lowafunsa zimene chikumbumtima chawo chinkanena. John Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times chakumapeto kwa 1914 yotsutsa zotengera Aafirika ku nkhondo imene sinali yawo. Chipilala cha ku Zomba chimakumbutsa asilikali a King's African Rifles amene anafa, koma m'mafilimu otchuka a nkhondo ziwirizi simungawapeze. Kuti filimu ingathe kusintha zinthu zinaoneka ku France mu 2006, pamene Indigènes, yonena za asilikali a kumpoto kwa Africa, inachititsa boma la Jacques Chirac kukweza penshoni za asilikali akale ochokera m'mayiko amene France inkalamulira.

Kodi Doss anakhala bwanji nkhondo itatha?

Filimu imathera pa machira akutsika phompho, koma mavuto ake aakulu a thupi anali asanayambe. Baibulo laling'ono limene Dorothy anamupatsa linatayika usiku umene anavulala, ndipo anzake anabwerera kukalifunafuna mpaka analipeza n'kumutumizira. Mu 1946 anamupeza ndi chifuwa chachikulu, chimene anachitenga ku Leyte, ndipo anakhala zaka zoposa zisanu akulowa ndi kutuluka m'zipatala. Madokotala anamuchotsa phapo limodzi ndi nthiti zisanu, n'kumutulutsa mu 1951 ali wolumala moti sakanathanso kubwerera ku ntchito yamanja imene ankaidziwa. Mankhwala amphamvu amene ankalandira anamuwononga makutu, ndipo pofika mu 1976 anali atagontheratu, mpaka mu 1988 pamene anamuika kachipangizo kothandiza kumva mkati mwa khutu.

Anakhala zaka zambiri pa kamunda kake ku Rising Fawn m'chigawo cha Georgia, akulankhula m'matchalitchi ndi kwa achinyamata. Dorothy anamwalira pa ngozi ya galimoto mu 1991, ndipo iye anakwatiranso mu 1993. Anaikidwa m'manda a asilikali ku Chattanooga m'chigawo cha Tennessee, kutatsala zaka khumi kuti filimu ija ituluke.